Funsani za Umoyo: Kudwazika Wodwala Covid-19 Pakhomo ndi Mantha a Katemera

Makalata amene afika mwezi uno wa Januwale 2022 ndi ochuluka kuposa a miyezi yapitayi, ndipo pafupifupi onse akukamba za funde lachinayi la Covid-19, limene labwera ndi mtundu wa kachilombo wotchedwa Omicron umene akatswiri a ku Botswana ndi ku South Africa anauzindikira mu Novembala 2021. Ndasankhapo amene mafunso ake akufanana ndi a anthu ambiri, ndipo mayina a olemba ndawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Amuna anga ali ndi zaka 58 ndipo amadwala matenda a shuga. Masiku anayi apitawo awapeza ndi Covid-19 ndipo atiuza kuti akadzipatule kunyumba. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri ndipo tili ndi ana anayi. Anzanga ena akuti ndiziwafukiza ndi masamba a bulugamu, ena akuti ndikagule azithromycin ndi dexamethasone ku famase. Ndichite chiyani kuti achire komanso kuti ife tisatengere? Mayi wa ku Ndirande, Blantyre.

YANKHO: Pepani mayi ndi matendawo. Anthu ambiri amene agwidwa ndi kachilomboka amachira ali kunyumba, koma bambo a kunyumba kwanuwo ali m'gulu la odwala amene ayenera kuyang'aniridwa mwatcheru, chifukwa msinkhu wawo pamodzi ndi shuga ndi zina mwa zinthu zimene zimachititsa kuti matendawa akule. Ntchito yanu yaikulu masiku akubwerawa ndi kupenyetsetsa kapumidwe kawo.

Matendawa ali ndi khalidwe lonamiza. Masiku oyambirira amaoneka ngati chimfine wamba, kutentha thupi, kuphwanya m'thupi, zilonda zapakhosi ndi chifuwa, ndipo wodwala akhoza kuyamba kupezako bwino. Koma kwa iwo amene matenda awalowera m'mapapo, vuto limaonekera sabata yoyamba ikamatha kapena yachiwiri ikamayamba, nthawi imene apabanja ayamba kale kutayirira. Tsono m'mawa, masana ndi madzulo, iwo atakhala phee, werengani kuti chifuwa chawo chikukwera kangati pa mphindi imodzi. Munthu wamkulu wabwinobwino amapuma maulendo 12 mpaka 20. Mukaona kuti akufika maulendo 30, kapena akulephera kumaliza chiganizo osabanika, kapena akumva kupweteka pachifuwa kosaleka, kapena ayamba kuyankhula zosokonekera ndi kugona tulo tovuta kuwadzutsa, kapenanso mkati mwa milomo ndi lilime zayamba kutuwa, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala. Ngati mungathe kugula kapena kubwereka kachipangizo kopana pachala kotchedwa pulse oximeter, kamene kamayeza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, chitani tero, chifukwa odwala ena okosijeni amawatsikira iwo osamva kubanika kulikonse. Nambala ikatsika pansi pa 94 funsani achipatala tsiku lomwelo, ndipo ikafika pa 90 kapena kutsikirapo nyamukani nthawi yomweyo. Mukakayika, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni.

Ndikulimbikira pa nkhani ya kufulumirayi chifukwa cha zimene tinaona mu Januwale 2021, pamene zipatala zinadzaza, masilinda a okosijeni anasowa, bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe linasanduka chipatala, ndipo pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Omicron akuoneka kuti sakugoneka anthu ambiri m'chipatala monga anachitira mafunde am'mbuyo, koma munthu wa shuga wa zaka 58 sayenera kuyesa mwayi wake pa mawu amenewo.

Pa mankhwala amene anzanu akutchulawo, azithromycin ndi mankhwala opha mabakiteriya, pamene Covid-19 imayamba ndi vayirasi, ndiye kuti kumwa popanda dokotala kuona chifukwa chake n'kutaya ndalama komanso kuzoloweretsa tizilombo tina mankhwala amene tidzawafune mawa. Dexamethasone ndiye ndikukupemphani kuti musayerekeze n'komwe. N'zoona kuti kafukufuku wamkulu wa ku Britain anaonetsa mu Juni 2020 kuti mankhwalawa amachepetsa imfa, koma anathandiza odwala okhawo amene anafika pofuna okosijeni kapena makina opumira. Kwa amene sanafike pamenepo sanathandize, ndipo kwa munthu wa shuga amakweza shuga moopsa. Panado ndi wokwanira pa kutentha thupi ndi kuphwanya: mapiritsi awiri a 500 mg pakatha maola asanu ndi limodzi alionse, osapyola asanu ndi atatu pa tsiku. Mankhwala awo a shuga apitirize kumwa, shugayo ayezedwe pafupipafupi popeza matenda alionse amamukweza, ndipo ngati akusanza kapena akukana chakudya dziwitsani achipatala. Popeza ino ndi nyengo ya dzinja, ayezedwenso malungo, chifukwa munthu akhoza kukhala ndi matenda onse awiri nthawi imodzi.

Kufukiza sindikudana nako kwenikweni. Nthunzi imatsegula mphuno ndipo wodwala amamvako bwino, monganso madzi otentha a mandimu ndi jinja amafewetsa pakhosi, bola musathiremo shuga kapena uchi wambiri. Koma nthunzi sifika kumene kachilombo kakhala kuti ikakaphe, ndipo imakhala yoopsa pamene ikuchedwetsa ulendo wa kuchipatala, pamene madzi owira atayikira wodwala wofooka kapena mwana, ndiponso pamene mbaula ya makala yalowetsedwa m'chipinda chotseka, poti utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Za nyumba ya zipinda ziwiri, musadzione ngati mwalephera, chifukwa mabanja ambiri m'matauni mwathu akukhala chimodzimodzi. Bambowo atenge chipinda chimodzi okha, inu ndi ana mugone chinacho. Kachilomboka kamayenda kwambiri mu mpweya wa m'nyumba yotseka, choncho mawindo akhale otsekula usana wonse, ndipo mvula ikakata bambowo azikhala pakhonde kapena pansi pa mtengo. Wowasamalira akhale mmodzi, ndipo nonse awiri muzivala masiki mukayandikana. Mbale ndi makapu awo zitsukidwe ndi sopo basi, sizifunika kutayidwa. Langizo limene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka mu 2020 linali lakuti wodwala adzipatule masiku 10 kuchokera tsiku limene zizindikiro zinayamba, kuwonjezapo masiku atatu opanda kutentha thupi kapena vuto la kupuma.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ndipo ndinabayitsa kale. Mayi anga a zaka 67, amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, akukanitsitsa katemera. Akuti kutchalitchi anamva kuti ndi chizindikiro cha 666, akuti anapangidwa mothamanga, ndipo akufunsa kuti ngati ndi wabwino boma linamuwotcheranji. Ndikayamba nkhaniyi timangokangana. Mphunzitsi wa ku Ntchisi.

YANKHO: Aphunzitsi, muyambe mwaleka kukangana nawo, chifukwa kholo silisintha maganizo pamene mwana wake akulionetsa kuti ndi mbuli. Mafunso a mayi anuwo ndi anzeru, ndipo lililonse lili ndi yankho lake.

Ndiyambe ndi la kuwotcha, limene ndi losavuta. Kumapeto kwa Malichi 2021 dziko lino linalandira madozi 102,000 a AstraZeneca kudzera ku African Union, koma anafika atatsala ndi masabata osakwana atatu kuti nthawi yake ithe pa 13 Epulo. Ambiri anabayidwa, koma 19,610 anatsala, ndipo mu Meyi Unduna wa Zaumoyo unawawotcha poyera ku Lilongwe, atolankhani akuona, n'cholinga choti pasapezeke wonena kuti Amalawi akubayidwa katemera wotha ntchito. Moto umenewo ndi umboni wakuti tsiku lolembedwa pa botolo limalemekezedwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti pofika mu Juni katemera anatheratu m'dziko muno, funde la kachilombo ka mtundu wa Delta linafika, ndipo anthu amene ankazengereza aja anayamba kumufunafuna osamupeza.

Za kuthamanga, auzeni mayi kuti mmisiri amene wamanga nyumba zambiri sachedwa pa nyumba yatsopano. Kachilombo ka Covid-19 kali ndi abale ake amene anayambitsa matenda a SARS mu 2002 ndi a MERS mu 2012, ndipo akatswiri a ku yunivesite ya Oxford, amene anapanga katemera wa AstraZeneca, anali atayamba kale kupanga katemera wa MERS mwa njira yomweyo. Chimene chimachedwetsa katemera nthawi zambiri ndi kusowa kwa ndalama ndiponso kuchepa kwa odwala oti aonetse ngati katemerayo akuteteza. Pa mliri uwu maboma anakhuthula ndalama, odwala anali ponseponse, ndipo katemera aliyense anayesedwa pa anthu zikwi makumi angapo asanaloledwe.

Mungawafotokozerenso zimene zili mu jakisoniyo. Kachilomboka kali ndi timinga kunja kwake timene kamagwirira polowa m'thupi. Katemera amaonetsa thupi maonekedwe a minga yokhayo, kuti asilikali a m'thupi adzamuzindikire mdaniyo tsiku limene adzabwere. AstraZeneca ndi Johnson & Johnson amanyamulira uthenga wa maonekedwe amenewo m'kachilombo kena kofoola kamene sikangaswane m'thupi, pamene Pfizer amaukulunga m'timadontho ta mafuta, ndipo uthengawo umasungunuka pakapita masiku ochepa. Mulibe kachilombo ka Covid-19 kamoyo, mulibe chitsulo, ndipo sasintha chibadwa cha munthu.

Pa nkhani ya 666, ine si m'busa, koma ndikudziwa kuti chizindikiro chimene malemba amanena n'cha padzanja lamanja kapena pamphumi, cholandiridwa ndi iwo amene asankha kulambira chilombo, pamene katemera safunsa munthu kuti amapembedza ndani. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God m'dziko muno kwa zaka zoposa makumi awiri, anabayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi 2021. Koma umboni woposa onsewo uli pa mkono wanu womwewo. Aonetseni mayi chipsera cha katemera wa BCG, woteteza ku TB, ndipo muwafunse amene anakuberekani kumsana kupita nanu kusikelo kukalandira katemera wa chikuku ndi wa poliyo. Anthu a msinkhu wawo amakumbukiranso nthomba, imene inasiya zipsera pankhope za anthu ambiri ndipo inalengezedwa mu 1980 kuti yatha padziko lonse chifukwa cha katemera.

Musawabisire zovuta zake, chifukwa mukabisa adzakutengani wabodza tsiku limene mkono udzawawe. Ambiri amamva kupweteka pobayidwapo, mutu, kutopa kapena kutentha thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Palinso vuto losowa kwambiri la kuundana kwa magazi limene laoneka pa AstraZeneca ndi Johnson & Johnson, makamaka mwa anthu ocheperapo msinkhu, ndipo zizindikiro zake ndi mutu waukulu wosamva panado, kusaona bwino, kutupa mwendo, kupweteka m'mimba kosaleka kapena kubanika, kuyambira masiku anayi mpaka mwezi umodzi chibayireni; woona zimenezi apite kuchipatala msanga. Kwa mayi a zaka 67 a BP, chiopsezo cha Covid-19 n'chachikulu kutalitali kuposa cha katemera. Ngati mawu anu akuwalemera, pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena mnzawo wa kumvano amene anabayitsa kuti akacheze nawo, ndipo akavomera mudzawaperekeze nokha.

FUNSO: Ndinabayitsa kawiri konse, koma nditabwera kuchokera ku Johannesburg pa Khirisimasi ndinadwala ndipo anandipeza nako. Ndiye phindu la katemera n'chiyani? Bambo wa ku Mangochi.

YANKHO: Bambo, mwalemba kalatayi muli kunyumba kwanu, ndipo n'kutheka kuti phindu lake ndi limenelo. Omicron wasintha kwambiri minga yake ija, kotero kuti amatha kuzemba chitetezo choyamba n'kudwalitsa munthu wobayitsa, koma chitetezo cha mkati, chimene chimaletsa matenda kufika poti munthu agonekedwe pa okosijeni, chimakhalabe champhamvu ndithu. Chitetezo chimatsikanso pakapita miyezi, n'chifukwa chake pali katemera wowonjezera. Mukachira bwinobwino kafunseni za ameneyu, mutatenga khadi lanu.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndipo ndimamwa ma ARV. Apongozi anga akuti katemera achotsa mimbayi kapena anditseketsa kubereka, pamene mnzanga akuti katemera amalimbana ndi ma ARV. Ndili ndi mantha. Mayi wa ku Mzuzu.

YANKHO: Mayi, mantha anu ndi a munthu amene akusamala za mwana wake, ndipo apongozi anunso akulankhula chifukwa chofunira mdzukulu wawo zabwino. Koma zimene zaoneka n'zosiyana ndi zimene amvazo. Mayi woyembekezera akadwala Covid-19 amakhala pa chiopsezo chachikulu chodwala kwambiri kuposa mnzake wosayembekezera, makamaka miyezi yomaliza pamene mimba imapanikiza mapapo, ndipo matendawa amachititsanso kuti ana ena abadwe masiku asanakwane. Amayi oyembekezera ochuluka zedi abayitsa m'mayiko osiyanasiyana, makamaka katemera wa mtundu wa Pfizer, ndipo sipanaoneke kuti kupita padera kwachuluka pakati pawo. Za kusabereka palibe umboni uliwonse, kwa akazi ngakhale kwa amuna. Chinanso chabwino n'chakuti chitetezo chimene thupi lanu lipange chimafika kwa mwana ali m'mimba komanso kudzera mu mkaka wa m'mawere, mofanana ndi mmene katemera wa kafumbata amene mumalandira kusikelo amatetezera khanda.

Ma ARV salimbana ndi katemerayu, ndipo musadumphe ngakhale tsiku limodzi chifukwa choti mwabayitsa kapena mwadwala. Anthu amene ali ndi HIV ndi ena mwa amene amalimbikitsidwa kubayitsa msanga. Pa ulendo wanu wotsatira wa kusikelo, kambiranani ndi anamwino za mtundu umene ulipo, ndipo ngati apongozi angalole, pitani nawo kuti akamve okha. Mukatentha thupi mutabayitsa imwani panado, musamwe brufen kapena asipulini popanda uphungu wa achipatala.

FUNSO: Bambo anga anamwalira ndi Covid-19 mu Julayi chaka chatha. Sitinaone nkhope, sitinagone pasiwa, ndipo mwambo wonse unatha m'maola ochepa. Anthu ena m'mudzi anatisala kwa nthawi yaitali. Mpaka lero sindigona bwino, ndipo ndimadziimba mlandu kuti mwina ndine ndinawapatsira pochokera kutauni. Mwana wawo wamkazi, ku Dedza.

YANKHO: Pepani kwambiri chemwali. Maliro pakati pathu ndi a mudzi wonse: amayi amagona m'nyumba ya siwa akuimba, abambo amachezera pamoto panja, adzukulu amakumba manda, ndipo namfedwa amalira atazunguliridwa ndi anthu. Zonsezi ndi zimene zimathandiza mtima kuvomereza kuti munthu wapitadi. Inu munalandidwa zimenezi, ndiye n'zosadabwitsa kuti chisoni chanu chikukhala ngati chilibe potulukira. Malamulo aja anaikidwa chifukwa nyumba yodzaza anthu oimba usiku wonse ndi malo amene kachilomboka kamafala mosavuta, koma kudziwa chifukwa chake sikuchotsa ululu.

Za mlandu umene mukudziimbawo, mu Julayi 2021 mtundu wa Delta unali paliponse, m'minibasi, m'misika, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo anthu ambiri ankafalitsa asakudziwa kuti ali nako. Palibe munthu, ngakhale dokotala, amene angaloze kuti bambo anu anakatenga kwa uje. Inu munapita kwanu kukaona kholo lanu, monga mwana aliyense amachitira.

Kambiranani ndi akuluakulu a kubanja kuti funde lino likadutsa mukonze mwambo wokumbukira malemuwo, kaya pa nthawi yomanga chiliza kaya tsiku lina, panja pamene mpweya ukuyenda, kuti nyimbo zimene sizinaimbidwe ziimbidwe ndipo mbiri yawo inenedwe. Pezaninso munthu mmodzi womukhulupirira, m'busa, shehe kapena azakhali, woti muzimuuza zimene zikukusowetsani tulo. Koma ngati mukulephera kudya ndi kugwira ntchito, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, pitani kuchipatala cha boma cha m'dera lanu mukafunse wachipatala woona za maganizo, chifukwa amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo chake.

FUNSO: Ndinadwala miyezi inayi yapitayo ndipo anandiuza kuti ndachira, koma ndikangolima mizere iwiri mtima umagunda kwambiri ndipo ndimatopa ngati ndasenza matumba. Fungo la chakudya sindikulimvabe bwino, ndipo chifuwa sichinathe. Akunyumba akuti ndi ulesi. Mlimi wa ku Thyolo.

YANKHO: Si ulesi, bambo. Madokotala padziko lonse akulidziwa vutoli, limene ambiri akulitchula kuti long Covid, ndipo bungwe la WHO limalifotokoza ngati zizindikiro zimene zilipobe patatha miyezi itatu chiyambireni matenda, zokhala kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo, popanda matenda ena ozifotokoza. Mawu omalizawa ndi ofunika kwambiri kwa inu. Chifuwa cha miyezi inayi m'dziko lathu lino sitingachikankhire kwa Covid-19 tisanayeze TB, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku kapena mukuwonda, ndipo kuyeza makhololo ndi kwaulere m'zipatala za boma. Apempheninso kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi, shuga, BP ndi HIV, ndiponso amvetsere mtima ndi mapapo.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, chithandizo chachikulu ndi kugawa mphamvu zanu mwanzeru. Anthu ambiri a vutoli akadzikakamiza tsiku limene akumva bwino amagona masiku awiri otsatira, choncho limani pang'ono m'mawa, lekani musanatope, ndipo muziwonjezera ntchito pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Ndikudziwa kuti udzu m'munda sudikira wodwala, ndiye ngati n'kotheka pemphani abale akuthandizeni kupalira ndi kubandira chaka chino, ndipo muwawerengere yankho lino amene akukunenani ulesiwo. Pa fungo, tengani zinthu zinayi za fungo lodziwika bwino, monga khungu la ndimu, adyo, sopo ndi masamba a bulugamu, muzinunkhiza chilichonse kwa masekondi 20, m'mawa ndi madzulo, kwa miyezi ingapo, chifukwa mwa anthu ambiri fungo limabwerera pang'onopang'ono. Ngati simunabayitse katemera, kudwala kale sikukuletsani, ndipo pa miyezi inayi mukhoza kubayitsa tsiku lomwelo limene mukapereke makhololo.